Jekete la a Sikelo m'Bwalo la Nkhonya

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si wolemba mabuku, sukulu yanga ndi ya pamudzi pomwe pano, ndipo alipo akuluakulu ambiri amene anawadziwa agogo a Lufeyo Mwale ine ndisanabadwe. Oyenera kulemba anali iwowo. Koma chaka chakwana chimwalirireni agogo, abale akukonza zomanga chiliza, ndipo amayi anati popeza ndine ndinafika Folomu 4, ndilembe zoti zidzatsale. Ndinayesa kukana koma sizinatheke. Ngati pena ndalakwitsa mundikhululukire. Ngati pena ndikuoneka ngati ndikuwaseka agogo, dziwani kuti eni akewo akanakhumudwa ndikanapanda kutero.

Dzina la Lufeyo linkamveka kutchalitchi kokha. Kuyambira kwathu kuno mpaka pa Chamama ankadziwika kuti a Sikelo. Anagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina kwa zaka zambiri, ndipo akuti ankangotukula belo ngodya imodzi n'kunena kulemera kwake asanaliike pasikelo. Alimi ena achinyengo amabisa masamba owola ndi mchenga pakati pa belo, kunja n'kuvekako fodya wokongola. Agogo ankapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa zobisikazo, n'kumupatsa mwini wake m'manja.

Anali munthu wochepa thupi kwambiri. Jekete lawo lakuda la kutchalitchi ankachita kulipinda manja kawiri, ndipo akakwera njinga ankafikira mapedulo ndi zala za kumapazi. Koma munthu ameneyu ndi amene anali woweruza wa ankhonya onse m'dera lathu, a pakanema ndi a pamudzi omwe.

Iwo sanamenyepo munthu chibadwire. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku Joni, ndipo kumeneko Lamlungu masana amuna ankamenyana nkhonya pabwalo la pakomboni. Ntchito ya agogo inali kunyamula ndowa ya madzi ndi thaulo. Agogo aakazi, a Nachisale, sankalola kuti zimenezi ziiwalike. Mlendo akayamba kutama nzeru za amuna awo, iwo ankayankha ali kukhitchini.

"Anzawo anabwerako ku Joni ndi njinga ndi wailesi. Awa anabwerako ndi maganizo."

"Maganizo satha mabatire, Nachisale."

"Ndiye vuto lakelo."

Loweruka lililonse masana ankapalasa njinga kupita pa Chamama, kuseri kwa sitolo ya a Jafali, kumene amaonetsa kanema. Kukakhala nkhonya, anyamata ankayang'ana zifuwa ndi mikono, agogo ankayang'ana mapazi. Wojambula akachulutsa kuonetsa nkhope, agogo ankadandaula kwa mwini kanema.

"A Jafali, tatsitsani pang'ono chithunzicho ndione mapazi."

"Mdala, ndikuuzeni kangati kuti wojambulayo ali ku Amereka?"

"Muimbireni foni."

Anthu ambiri ankaganiza kuti agogo amadana ndi zimphona chifukwa iwo anali ochepa. Sizoona. Ankanena kuti kukula kwa munthu kumangokuuza malo amene atenge m'lole, sikukuuza giredi yake. Chimphona chimene chimakoka mapazi, chimene chimapingasa miyendo potembenuka, chimene chimayasama kufuna mpweya raundi yachiwiri isanathe, chimenecho ankachitaya msanga, ngakhale chibwere ndi malamba angati paphewa. Koma ndikukumbuka tsiku lina pakanema panabwera bambo wina wamimba yolendewera, nyumba yonse n'kufa nazo nseko. Agogo anamuyang'ana akuyenda kuchokera pakona kufika pakati, n'kunena kuti ameneyo akuponda ngati mphaka, wamisempha mnzakeyo akonzeretu pogona. Zinachitikadi momwemo, ndipo anyamata anawanyamula agogo m'mwamba mpaka anagunda mutu kumalata.

Za resiling'i, kumene zimphona zimaphwanyirana mipando pamutu, anyamata ankawafunsa kawirikawiri ngati ndi zenizeni. Ankayankha kuti ndewuyo ndi yabodza koma kugwako ndi kwenikweni, ndipo munthu wolemera chotero amene amagwa tsiku ndi tsiku n'kudzukanso ali ndi luso loyenera ulemu. Kungoti asamatchedwe wankhonya.

Analinso ndi mayeso awo. Mnyamata akabwera kudzanena kuti akufuna kuyamba nkhonya, agogo ankamufunsa za kwawo, za mvula, za nazale, kenako nkhani ili m'kati ankavula chipewa n'kumuponyera kumaso. Wotsinzina n'kutembenuza mutu ankauzidwa kuti apite akalime. Woyang'anabe ankaloledwa kukhala pansi kuti amve zambiri. Vuto linali lakuti dzanja linazolowera. Atabwera abusa atsopano, munthu wamapewa aakulu, agogo anawaponyera chipewa pakhomo pa tchalitchi penipeni. Abusa anachiwakha ndi dzanja limodzi osaphethira, n'kupita nacho kunyumba kwawo. Agogo anachitsatira Lolemba, ndipo pobwerako anati mpingo wapeza m'busa koma dziko lataya munthu.

Tsopano ndinene za alamu anga a Fanuwelo, pakuti mbiri ya agogo siingathe popanda iwo. Ndi amuna a achemwali anga a Esinati. Kwawo ndi cha ku Nkhamenya, anadzakhala kwathu pachikamwini. Sindidziwa ndiwafotokoze bwanji. Chitseko cha nyumba yawo anachita kukweza kawiri. Belo la fodya limene amuna anayi amanyamula akubuula, iwo amalikweza okha m'lole n'kufunsa ngati pali lina. Anzawo amawatcha Thirakitala. Koma ndi munthu wofatsa, woti nkhuku ikafuna kuphedwa amaitana achemwali.

Monga mukudziwa, kwathu kuno agogo aamuna amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wawo, ndipo womukwatirayo amakhala mnzawo wolimbirana naye mkazi. Awiriwo amaloledwa kunyozana mmene angathere popanda mlandu. Agogo ndi alamu anautenga mwambo umenewu ngati ntchito yolembedwa. M'mawa uliwonse agogo ankaima pakhomo pa alamu.

"Wakuba akazi wadzuka?"

"Wadzuka, mdala. Mkazi wanu akuti kuno akudya, kwanu ankangomva nkhani za ku Joni."

"Ndidzamutenga ameneyo. Mudzangopeza mphasa yokha."

"Mudzamunyamula ndi chiyani? Njinga yomwe imakukanani."

Akatero agogo ankabwerera kwawo akuseka, tsiku lawayambira bwino. Chipewa anawaponyeranso alamu sabata yoyamba yomwe. Alamu anatsinzina maso onse awiri, n'kubisa mutu m'khwapa, n'kufuula kuti "Mayo!" Tonse tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa nthawi imeneyo panalibe amene ankaganiza zoti alamu angadzavale magolovesi.

Chaka china, nyengo yogulitsa fodya, pa Chamama panafika bambo wina wa ku Lilongwe wokonza masewero a nkhonya. Dzina lake sitinalisunge, tinkangoti a Nsapato Zoyera. Anawaona alamu akukweza mabelo, n'kuwazungulira katatu ngati munthu wogula ng'ombe. Anawauza kuti thupi lotere silinabadwire kumunda. Anati akonza nkhonya pabwalo la mpira, alamu amenyane ndi mnyamata wake wa m'tauni, ndipo akapambana adzawatengera ku Lilongwe, mwinanso kunja.

Mudzi wonse unasangalala. Telala analumikiza makabudula awiri kukhala imodzi. Alamu anapachika thumba la mchenga m'chigafa, moumitsira fodya muja, n'kulimenya kamodzi kokha, mitengo yoyanikapo fodya yonse n'kugwa. Anthu anachoka m'midzi ina kudzaona mitengo yothyokayo, n'kumagwedeza mitu kumumvera chisoni mnyamata wa m'tauni.

Agogo anapita kukaona alamu akukonzekera. Anakhala pachitsa theka la ola, maso ali pansi. Mawa lake m'mawa anavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata, anapita kwa achemwali, anaodira bwinobwino, n'kupempha mpando.

"A Fanuwelo, ndabwera ndi nkhani. Musakamenye nkhonya ija."

Alamu anayang'ana jekete lija, n'kuyamba kumwetulira.

"Lero mwabwera ndi yatsopano, mdala. Mpaka jekete?"

"Sindikuseka. Mphamvu muli nazo, koma mukamaponya dzanja mumatsinzina. Mapazi anu amadutsana. Simudziwa kubisa chibwano. Mnyamata wophunzitsidwa akupwetekani."

"Esinati, tabwera udzamve! Amuna ako akale nsanje yawapweteka!"

Achemwali anatuluka mwana ali kumbuyo, n'kuyamba kuseka asanamve n'komwe.

"Agogo, musade nkhawa. Akakalemera ku Lilongwe ndizidzakutumizirani sopo."

"Esinati, ndikunena zoona."

"Ee, amuna anga, zoona zokhazokha."

Apa ndi pamene mwambo unawatembenukira agogo. Zaka zitatu anakhala akuwanyoza alamu m'mawa uliwonse, ndiye tsiku limene ananena zenizeni panalibe wozindikira kusiyana kwake. Akaumitsa nkhope, anthu ankati sewero lakoma. Anapita kwa amalume, mwini mbumba, kuti awaletse alamu. Amalume anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti nkhani za pamitala iwo salowerera. Ngakhale ine ndinaseka nawo, ndivomere. Pomaliza agogo anakwiya n'kulengeza pa kanema wa a Jafali kuti Thirakitala agwa raundi yoyamba isanathe.

Tsiku la nkhonya linali Loweruka masana, kukuzizira. Anazika mitengo inayi ya bulugamu pakati pa bwalo la mpira, n'kumangapo zingwe za ng'ombe, kuzungulira konse atatchinga ndi ziguduli zokutira mabelo. Belu linali limu ya galimoto. Woimbira anali mlamu wake wa a Nsapato Zoyera, ndipo tinamva pambuyo pake kuti ntchito yake yeniyeni ndi yokonza mafiriji. Magolovesi sanawakwane alamu, anachita kuwang'amba pang'ono m'mbali.

Mnyamata wa m'tauni atalowa, bwalo lonse linaphulika ndi nseko. Anali woonda, miyendo ngati mapesi, mutu wake unkalekeza pachifuwa pa alamu. Amayi ena anafuula kuti amubweze kwa amake asanafe. Iye sanayang'ane munthu, ankangodumphadumpha pakona pake. Agogo anali ataima kutsogolo akudya nzimbe. Anayang'ana mapazi a mnyamatayo, n'kusiya kutafuna, nzimbe n'kuipereka kwa mwana amene anali pafupi.

Limu inalira. Alamu anaponya dzanja lamanja ndi mphamvu zonse, maso ali chitsinzinire, ndipo pamene ankatsegula maso mnyamata uja anali kumbuyo kwawo. Anatembenuka, n'kulandira ziwiri pamphuno. Anaponyanso, n'kulandira zitatu. Kachitatu dzanja lawo linapeza chinthu, koma unali mtengo wa pakona. Mtengowo unapendekeka, zingwe zinagwa, masewero anaima kuti amuna akumbenso dzenje. Anthu anavina ngati nkhondo yatha. Ankati likanakhala kuti lamupeza mnyamatayo, bwenzi akukamutola ku Mtunthama.

Raundi yoyamba inatha alamu ali chiimire. Anthu anatembenukira kwa agogo.

"A Sikelo! Sikelo yathyoka lero!"

"Mwati agwa nthawi yanji, mdala? Tidikirebe?"

Agogo anayang'anabe m'bwalo. Aka kanali koyamba kuti alakwitse pagulu, koma nkhope yawo sinali ya munthu wochita manyazi. Inali ya munthu wamantha.

Raundi yachiwiri sinali yoseketsa kwa amene ankaona bwino. Alamu anayasama, manja anatsikira m'chiuno. Mnyamata uja ankalowa, kumenya, n'kutuluka, ngati munthu wokhoma misomali. Diso limodzi la alamu linatsekeka, magazi ankatsikira pachifuwa, mutu unkagwedezekera uku ndi uku, koma miyendo ija inangoti nji. Anthu ankaimba dzina la Thirakitala. Woimbira ankayang'ana gulu n'kumamwetulira. Kukona kwa alamu kunali anzawo awiri amene anabwera ndi botolo la zakumwa ndi wailesi, thaulo analibe, ndipo sankadziwa n'komwe kuti thaulo limagwira ntchito yanji pa nkhonya. Achemwali anali atasiya kuimba, atagwira pakamwa.

Pamenepo agogo anavula jekete n'kuliponya m'bwalo. Pa nkhonya, a kukona akaponya thaulo ndiye kuti munthu wawo wagonja. Koma wokonza mafiriji uja sankazidziwa. Analitola, n'kufunsa kuti mwini jekete ndani, n'kuliponyera kunja. Agogo analiponyanso, linabwezedwanso. Kachitatu anakwawira pansi pa chingwe nalo, n'kukaima pakati pa awiriwo atakweza manja. Apa ndi pamene dera lonse linadziwa chifukwa chimene agogo sankavulira jekete akalivala, ngakhale kutenthe bwanji. Malaya awo anali abwino kutsogolo kokha, kumsana kunalibe nsalu.

Mnyamata wa m'tauni anatsitsa manja nthawi yomweyo. Amene anali pafupi akuti anawerama n'kunena kuti, "Zikomo madala, ndimadikira kuti wina achite zimenezi." Koma gulu linakwiya, makoko a nzimbe anagwa ngati mvula pamsana wa agogo. Alamu anafuula ndi mawu aakulu.

"Mwandisokoneza, mdala! Ndimati ndiyambe kumene!"

Ananena zimenezi akuyang'ana mtengo wa pakona, agogo ali kumbuyo kwawo.

A Nsapato Zoyera ananyamuka madzulo omwewo, sitinawaonenso. Alamu anagona sabata yathunthu akumwa phala lokha. Atadzuka, maganizo awo anali amodzi, ndipo theka la mudzi linkagwirizana nawo: mnyamata uja anali atatopa, nkhonya imodzi yokha ikanamaliza zonse, ndipo mdala wansanje anawatsekera njira ya ku Lilongwe kuti mawu ake asaoneke abodza.

Tinkayembekeza kuti alamu awakalipira agogo, mwinanso kusamuka. Zimene anachita zinali zoopsa kuposa pamenepo. M'mawa umene anayamba kuyenda, agogo anaima pakhomo monga mwa masiku onse.

"Wakuba akazi wadzuka?"

Alamu anatuluka, anavula chipewa, anagwada pansi mawondo onse awiri, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Tadzuka bwino, agogo. Kaya inu mwadzuka bwanji?"

Agogo anaima kukamwa kuli yasa. Anayesanso.

"Nkhope imeneyo mkazi wanga akuilola kulowa m'nyumba?"

"Zikomo kwambiri, agogo, chifukwa chotiyendera."

Kuyambira tsiku limenelo alamu anawapatsa agogo ulemu wokhawokha kwa zaka zinayi. Akakumana panjira ankapatukira m'tchire n'kunjuta. Akapha mbuzi ankatumiza chiwindi m'mbale yovundikira. Ankawalimira munda, ankawafolerera denga, koma chipongwe ngakhale chimodzi ayi. Agogo anayesa njira zonse. Anawaponyera chipewa, alamu anachitola, anachisasa fumbi, n'kuchibweza ndi manja awiri atagwada. Anamuuza mwana wa alamu, Chisomo, pamaso pa bambo ake kuti mphuno yakeyo ndi ya kwa Mwale, alamu anati ndi mwayi waukulu kufanana ndi akuluakulu. Anabisa pampu ya njinga ya alamu sabata ziwiri, alamu anatumiza mwana kukanena kuti ngati agogo aikonda aisunge.

Agogo anayamba kuonda, ngakhale panalibe pambiri poondera. A Nachisale anapita okha kwa achemwali kukadandaula kuti mdala sakudya. Achemwali anawachonderera amuna awo ine ndikumva.

"Bambo a Chisomo, atukwaneniko pang'ono chabe. Ngakhale kungowatchula kufupika."

"Yayi. Ndi akuluakulu amenewa."

"Mukuwapha ndi ulemu wanuwo!"

"Ulemu sunaphepo munthu."

Chifukwa chenicheni chimene anaponyera jekete ndinachimva mochedwa, chaka chachitatu cha mkanganowo. Tinali m'chigafa cha kwathu tikusankha fodya. Agogo ankakhala pangodya ya kum'mawa, pamene kuwala kumalowa bwino, chifukwa ankati mtundu wa tsamba suoneka pamthunzi. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati alamu akanapambanadi. Anasalaza tsamba pabondo, kenako anandiuza za mnzawo wa ku Joni dzina lake Thomu, wochokera cha ku Ntchisi, wamkulu ngati alamu. Anati Thomu nayenso sankadziwa nkhonya, koma sankagwa, ndipo anthu a pakomboni ankamukonda chifukwa cha chimenecho. Tsiku lina anakumana ndi wodziwa. Thaulo linali m'manja mwa agogo, koma gulu linkaimba, ndipo iwo anaopa kudedwa. Thomu anamaliza maraundi onse ali chiimire, anthu anamunyamula paphewa. Patapita mwezi sankatha kumanga zingwe za nsapato zake. Anamutumiza kwawo pasitima atamumangirira kapepala pamalaya kolembapo dzina la mudzi wake, chifukwa iye anali ataliiwala.

Anati pamene ananena kuti alamu agwa raundi yoyamba isanathe, sikunali kulosera kokha, kunalinso kupemphera. Wogwa msanga amapita kwawo ndi manyazi okha. Woopsa ndi wamkulu amene thupi lake silidziwa kugonja, chifukwa mutu ndi umene umalipira.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanawauzire alamu nkhani imeneyi. Anati munthu amene wamenyedwa pamaso pa mkazi wake ndi midzi isanu amafunika kutsala ndi kanthu kogwira, ndipo ngati kanthuko ndi kukhulupirira kuti akanapambana, iwo sangamulandenso kameneko. Kenako anandiuza kuti tsamba limene ndaika kumanjalo ndi la kumanzere, ndisiye kufunsa za akuluakulu. Sindinauze munthu mpaka lero. Alamu, ngati wina akuwerengerani pepalali, pepani kuti mukumvera pano.

Chaka chatha kuzizira kutayamba, chifuwa chimene agogo anakhala nacho zaka zambiri chifukwa cha fumbi la fodya chinakula. Anakana chipatala mpaka tsiku limene analephera kudzuka pamphasa. Amalume anabwereka ngolo, koma ngoloyo sikanatha kuoloka dambo la kuseri kwa mudzi, inaima tsidya lina. Panafunika wowanyamula. Alamu analowa m'nyumba, anagwada, anaomba m'manja.

"Agogo, ngati mungalole, ndikunyamuleni."

"Nyamulani, bambo," anatero agogo ndi mawu otopa. Nawonso anali atagonja, anali atayamba kubweza ulemu.

Alamu anawanyamula m'manja ngati mwana. Tinatsatira pambuyo, ine, achemwali ndi a Nachisale, dzuwa litangotuluka. Tili pakati pa dambo, mutu wa agogo unalendewera cha pansi, ndipo ndinaona kuti akuyang'ana mapazi a alamu. Sakanatha kudziletsa.

"Mukupingasabe miyendo."

Alamu anaima. Tonse tinaima. Alamu anawayang'ana agogo nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti apa ndi pamene anamva m'manja mwawo kuti munthuyo watsala pang'ono bwanji.

"Khalani chete, mdala," anatero. "Nkhuku yachitopa imalemera kuposa inu. Esinati, zoona unkafuna kukhalira kafupa aka?"

Achemwali anakuwa ngati aona njoka. Agogo anatsegula maso onse.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ndikakutayani m'matopemu, achule akakubwezani."

Agogo anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, tinachita kuwakhazika pachulu kuti apume, misozi ikutsika, akulozabe alamu ndi chala.

"Wakuba akazi! Zaka zinayi, wakuba iwe!"

"Munayamba ndinu ndi jekete lanu lonunkha lija."

Atawanyamulanso, alamu anayenda pang'ono, kenako ananena motsitsa mawu, koma tonse tinamva.

"Tsiku lija munachedwa pang'ono, mdala. Ndinali nditayamba kale kufunafuna pogona, koma miyendo imakana."

"Ndinaona. Munkayang'ana cha kumtengo wa kum'mawa."

"Panali kaudzu pamenepo."

A Nachisale anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti amuna onse ndi zitsiru, aakulu ndi aang'ono omwe, tifulumire ng'ombe zikudikira.

Agogo anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Alamu ankapalasa njinga tsiku lililonse kukawanyoza. Tsiku lachitatu namwino wina, mlendo kuno, anawatulutsa m'chipinda n'kuwauza kuti munthu wamkulu thupi chotero azichita manyazi kuzunza nkhalamba yodwala. Agogo anachita kutumiza a Nachisale kukawaitananso, n'kumupempha namwinoyo kuti asasokoneze mankhwala. Masiku amenewo ankadya bwino kuposa zaka zinayi zonse zija. Tsiku lachisanu ndi chinayi anagona masana, osadzukanso.

Chaka chino fodya tasankha tokha. Timakhala mbali ya kumadzulo kwa chigafa, ngakhale kuwala kwake n'kochepa, ndipo timakangana pa tsamba lililonse popanda wotilekanitsa. Pangodya ya kum'mawa palibe amene wakhalapo. Palibe anatiletsa, zangochitika. Pansi pake pali timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkakhala, ndipo thadzi lina la a Nachisale layamba kuikira mazira pomwepo. Alamu akamalowa ndi mtolo amadutsa chapatali, mwakachetechete, kuti asalidzidzimutse.

Amayi anati ndisaiwale kulemba masiku. La kumwalira lidzalembedwa pachiliza, aliyense adzaliona. Ine ndilemba limene silidzalembedwa pena paliponse. Mkangano wa agogo a Lufeyo Mwale ndi alamu anga a Fanuwelo unatha Lachinayi loyamba la mwezi wa Juni chaka chatha, m'mawa, pakati pa dambo.